Chamaso Chinachedwa Kudzuka

Ntchito yolosera nyengo ilibe mnzake. Ukalondola palibe amene amabwera kudzati zikomo, poti dzuwa si lako. Ukaphonya, ngakhale munthu amene sadziwa kumene mphepo imachokera amakunena mpaka malovu kuuma mkamwa. Nanyengo anazidziwa bwino zimenezi. Dzinali anam'patsa ndi achimwene ake chaka chimene anayamba ntchito ku ofesi ya zanyengo, ndipo linam'kakamira ngati chisoso pa chovala, moti ngakhale amayi ake omubereka ankamuitana choncho.

Sabata imeneyo mtima wake sunali pa mitambo ya dziko lonse, unali pa denga limodzi. Amayi anali atangotuluka kumene m'chipatala, kumene anagonekedwa ndi chibayo, ndipo adokotala ananenetsa kuti asakhale pa chinyezi kapena pa mphepo yozizira, chifukwa chifuwacho chikabwereranso sichidzabwera kudzacheza. Koma nyumba ya amayi inali ya malata akale odyeka ndi dzimbiri, ndipo pamene pankadontha kwambiri panali pamwamba penipeni pa bedi lawo. Achimwene, amene ankakhala m'nyumba momwemo ndi akazi awo, anali atagula malata atsopano ndi matabwa, n'kupeza amisiri. Amisiriwo anali ndi tsiku limodzi lokha, chifukwa mawa lake ankanyamuka kupita ku ntchito ina yaikulu kutali. Denga lonse linayenera kusasulidwa ndi kukhomedwanso dzuwa lisanalowe, ndipo tsikulo linayenera kukhala louma.

Choncho foni ya Nanyengo sinkapuma. Dzulo lake masana, iye akuyesa kubako tulo asanapite ku ntchito ya usiku, inaliranso.

"Iwe Nanyengo, tandiuza, mawa kuli bwanji kumwambako?"

"Achimwene, ndakuuzani m'mawa, ndakuuzaninso musanadye. Kodi mukuyesa setilaiti ndimagona nayo pansi pa pilo?"

"Ine ndikungofunsa. Nanga tinakuphunzitsiranji?"

"Mawa m'mawa mutsegule wailesi ngati anthu ena onse. Wowerenga ndine. Chimene ndinene pamenepo ndi chomwecho, musandiimbirenso."

"Chabwino, bwana wamkulu," anatero achimwene, n'kudula.

M'bandakucha wa tsikulo unam'peza ali mu ofesi, maso ali pa makompyuta awiri oyandikana. Ofesiyo inali chipinda chachitali chonunkha fumbi la makina ndi tiyi wozizira, chokhala ndi mpando umodzi wabwino ndi ina yoduka mikono. Wabwinowo unali wa mkulu wa shifiti, bambo wa imvi amene anzake ankawatchula a Kalekale iwo kulibe, chifukwa nkhani yawo iliyonse inkayamba ndi mawu amenewo.

Setilaiti imatumiza zithunzi za mitundu iwiri, ndipo a mu ofesimo anazipatsa mayina. China ankachitcha Chamaso. Chimenechi chimaona monga angaonere munthu ataima kumwamba: mtambo wochindikala umawala kuti mbee, wopyapyala umaonetsa nthaka ya pansi pake. Ulesi wake ndi umodzi, chimadalira dzuwa. Kukada, kompyuta yake imangoti bii ngati yozimitsa. Chinacho, cha infuraredi, ankachitcha Chakhungu. Icho sichiona kanthu, chimangopapasa kutentha kwa zinthu, usana ndi usiku womwe. Chozizira chimachiyeretsa, chofunda chimachidetsa. Mitambo ya mabingu, imene imakwera kutali kozizira, imatuluka yoyera, ndipo Chakhungu sichiiphonya. Koma mtambo wotsika, wokwawa pafupi ndi nthaka, umafunda pafupifupi ngati nthakayo, ndiye Chakhungu chikaupapasa chimati apa ndi pansi, n'kupitirira.

Chimene chinkamudya Nanyengo zaka zonsezi n'chakuti uthenga wa m'mawa unkayenera kufika ku wailesi dzuwa lisanatuluke. Ndiye kuti tsiku lililonse dziko linkatsogoleredwa ndi Chakhungu, Chamaso chili mkonono. Anazinenapo m'misonkhano mpaka anzake anayamba kuyang'ana pawindo iye akatukula mkono. Yankho linali lomwelo: a wailesi sasuntha nthawi yawo. Kunali kompyuta yachitatu imene inkatha kugwira mitambo yotsika ngakhale mumdima, koma inapita kokakonzedwa ndipo zikuoneka kuti inakwatiwa komweko.

M'mawa umenewo Chakhungu chinali choyera mtima. Panalibe chigamba choyera ngakhale chimodzi, dziko lonse linali lotuwa bwinobwino. Munthu wina akanatambasula miyendo n'kuthira tiyi. Koma Nanyengo anali atasendeza nkhope pafupi ndi galasi, akuyang'ana ngodya ya kum'mwera chakum'mawa.

"Bwana, tabwerani muone. Damu lasowa."

A Kalekale anabwera akukoka mpando wawo. "Damu silisowa, mayi. Kapena wina walinyamula usiku?"

Kumbali imeneyo kunali damu lalikulu. Usiku madzi amasunga kutentha kuposa nthaka, tsono pa Chakhungu damulo linkaoneka masiku onse ngati kachipsera kakuda. Lero kachipserako kunalibe. Ponse panali posalala, potuwa mofanana.

"Pali chinthu chagona pamwamba pake," anatero Nanyengo. "Mphepo yatembenuka usiku, ikuchokera komweko. Ndikuganiza kuti ndi mtambo wotsika, ndipo ukubwera kuno."

"Mukuganiza," anabwereza a Kalekale, akupukuta magalasi awo ndi tayi. "Kalekale tinkalemba zimene taona, zoganiza tinkasiyira alauli. Kutsutsa galu n'kukumba, mayi. Muli ndi chiyani m'manja? Makina olosera nyengo akuti kouma. Chakhungu chikuti kulibe mtambo. Woyeza wa ku siteshoni ya kudamu mwamuimbira?"

Anali atamuimbira kangapo. Foni yake inali yozimitsa, ndipo munthuyo sankayamba ntchito kusanache.

"Tingowonjezerako kuti mwina kukhala mvula yowaza m'madera ena."

"Mwina? Mwezi watha tinalemba mwina. Anthu anaimitsa ntchito zawo, dzuwa n'kuswa mtengo tsiku lonse. Amene anaitanidwa kumtunda kwa akuluakulu kukafotokoza ndi ine, osati inu. Kachipsera kameneka kamasowa ndithu nthawi zina nthaka ikapanda kuzizira. Inunso mukudziwa."

Ankadziwadi, ndipo chimene chinamupweteka kwambiri n'chimenecho. A Kalekale sanali munthu woipa kapena mbuli. Malinga ndi zimene zinali pa tebulo, iwo ndi amene ankalondola. Iye anali ndi kachipsera kosowa ndi mtima wosakhazikika, basi. Zinthu ziwirizi sungapite nazo kumtunda.

Foni ya pa tebulo inalira. Anali mayi wa ku wailesi amene ankajambula mawu m'mawa uliwonse, wolankhula mothamanga ngati wasiya mphika pamoto.

"Asisi, mwakonzeka? Tachedwa kale. Yambani."

Nanyengo anatenga pepala limene a Kalekale anasainira, n'kukonza kukhosi. Mawu ake a pa wailesi anali ena, ofatsa, osalala, a munthu amene sanakayikepo chilichonse chibadwire. Ndi mawu amenewo anauza dziko kuti lero kukhala kouma, kuwala dzuwa m'madera ambiri, ndipo mphepo iwomba pang'onopang'ono kuchokera kum'mwera chakum'mawa. Atamaliza, mayi uja anati zikomo asisi, n'kudula asanamve yankho.

Kenako anatulutsa foni yake n'kuyang'ana nambala ya achimwene. Chala chinaima pamwamba pake. Awauze chiyani? Kuti damu lasowa? Akawaimitsa, dzuwa n'kuwala, amisiri apita, malata atsopano akhala atatsamira khoma mpaka mvula yeniyeni idzafike, amayi akugonabe pansi pa dontho. Ndipo mlandu wonse udzakhala wake, adzaumva pa chakudya chilichonse cha banja mpaka kukalamba. Anayang'ana pawindo. Kum'mawa kunali kutayamba kufiira. Chamaso chinali pafupi kudzuka. Anadziuza kuti amisiri ndi anthu obwera dzuwa litakwera, atamwa kaye tiyi ndi kukangana za misomali. Anabweza foni m'thumba kuti adikire pang'ono, aimbe ali ndi chinthu chogwirika.

Palibe chinthu chochedwa ngati dzuwa limene ukulidikira. Kompyuta yakuda ija inayamba kutuwa kumphepete. Chithunzi choyamba chinali chachabechabe, mithunzi yokhayokha. Nanyengo anayenda kukafika kukhomo n'kubwerera, anatsuka kapu yotsuka kale, anakhalanso pansi. Chachiwiri chinabwera, ndipo sipanafunike kusendeza nkhope.

Ngodya yonse ya kum'mwera chakum'mawa inali yoyera kuti mbee. Unali mtambo umodzi waukulu, wosalala pamwamba, wochindikala, utaphimba damu ndi zonse zozungulira, ndipo kutsogolo kwake unali utatulutsa zala zolowa m'zigwa, zolunjika kumbali ya tawuni kumene kunali nyumba ya amayi. Mtambo wotero subwera ndi mabingu kapena mphezi. Umabwera mwaulemu, n'kuyamba kuwaza timadontho tosaoneka, ndipo suchoka mpaka chilichonse chitanyowa mpaka mkati. Pa kompyuta ya pambali, Chakhungu chinali chikulumbirabe kuti kulibe kanthu.

A Kalekale anavula magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Damu lanu lija," anatero motsitsa. Anakoka pepala lina n'kuyamba kulemba uthenga wokonza.

Nanyengo anali ataimba kale. Foni ya achimwene inalira mpaka kutopa. Anaimbanso, chimodzimodzi. Kachitatu inayankhidwa ndi alamu ake, akazi a achimwene, ndipo asanamve mawu awo anamva phokoso la kuseri: kulira kwa lata likuzulidwa pa thabwa, kenako kugwa kwake pansi.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Takumvanitu pa wailesi, mawu ake ngati a munthu wa kunja."

"Alamu, ayamba kale?"

"Ayamba kalekale. Amisiri abwera kusanache, akuti akufuna amalize lero lomwe. Amangodikira inuyo. Mutangoti dzuwa, anakwera."

"Apatseni foni achimwene. Msanga, chonde."

Panadutsa nthawi, akumva alamu akuitana, makwerero akugwedera, munthu wina akuseka. Kenako achimwene anabwera akupuma mwamphamvu.

"Paja unati ndisakuimbire. Ndiye waimba ndiwe?"

"Achimwene, imitsani. Kukubwera mvula yowaza, ya tsiku lonse. Bwezeretsani malata amene mwachotsawo."

"Tibwezeretse chiyani? Malata ake akung'ambika ngati mapepala tikamazula. Matabwa a kuchipinda kwa amayi tagwetsa kale, anali ofumbwa okhaokha. Iwe ukunena chiyani kodi?"

"Ndikunena kuti mvula ikubwera. Ndikuiona pano."

"Posachedwapa wanena kuti dzuwa. Ndamva ndi makutu angawa, amisiri amva, amayi amva."

"Nthawi imeneyo chithunzi chinacho chinali chisanabwere. Chimene tinali nacho sichiona mitambo yotsika."

"Ndiye mumauza anthu zinthu musanaone?"

Nanyengo anafuna kufotokoza. Akanayamba pati? Pa misonkhano? Pa kompyuta yokwatiwa?

"Tamvera," anapitiriza achimwene. "Ine ndili ndi a Nanyengo awiri. Wina walankhula pa wailesi ya dziko lonse, bwana wake atasainira. Wina akundiimbira pa foni akunjenjemera. Ndimvere uti? Kuno kumwamba kuli bwinobwino, kwangochita kachifunga pang'ono. Tisiye tigwire ntchito, ukutichedwetsa."

"Chabwino, koma amayi achotsenimo. Mupite nawo kwa aneba."

"Amayi ali pabalaza, afunda bulangeti, akuonerera. Zisiye kwa ife."

Foni inaduka. Anaimbanso, koma tsopano inkangolira m'thumba la jekete lopachikidwa penapake.

A Kalekale anali atamaliza uthenga wokonza, ndipo anaimba okha ku wailesi. Nanyengo ankamva mawu a mayi uja akutuluka m'foni ngakhale anali patali. Nthawi ya zanyengo yadutsa, bambo. Pano tili pa pulogalamu ya anthu amene analipira, sitingaidule. Watsopanowo tiujambula masana. A Kalekale anachonderera, anatchula udindo wawo, anayambanso ndi kalekale, koma kumbali inayo kunali kutatsekedwa. Anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Madzi akatayika saoleka," anatero, osamuyang'ana. Kenako anafunsa, "Ndamva mukunena za amayi. Ali kumbali imeneyo?"

"Ali pansi pa denga losasula, bwana. Atuluka kumene m'chipatala."

"Bwanji simunanene?"

"Zikanasintha chithunzi?"

Onse awiri ankadziwa yankho. A Kalekale anangomuuza kuti apite, iwo adikira okha wa shifiti ya masana, amene monga mwa masiku onse anali atachedwa.

Pa siteji minibasi inali yopanda anthu, ndipo kondakitala analumbira kuti ikunyamuka pompano, bodza limene makondakitala onse anayamwira. Nanyengo anakhala pawindo chikwama chili pamiyendo. Anthu ankalowa mmodzimmodzi ngati akuchita kukakamizidwa. Mmene galimoto inkadzaza, dzuwa linali litasanduka kambale kotuwa, ndipo atangodutsa malo omwetsera mafuta a kumapeto kwa tawuni linazimiririka. Timadontho tinayamba kumera pa galasi la kutsogolo. Dalaivala anayatsa mawaipa, limodzi lokha n'kumagwira.

Ndiye ngati kuti zimenezi sizinakwane, wailesi ya m'galimotomo inamaliza nkhani za pakati pa m'mawa n'kubwereza zanyengo. A wailesi analibe nthawi yojambula uthenga watsopano, koma yobwereza wakale anali nayo. Nanyengo anamva mawu ake omwe, ofatsa, osalala, akuuza minibasi yonse kuti lero kukhala kouma, kuwala dzuwa m'madera ambiri.

Galimoto yonse inafa ndi phwete.

"Dzuwa lake ndi limeneli likutsika pa galasili," anatero kondakitala.

"Anthu amenewa amalandira malipiro ndithu?" anafunsa bambo wina wonyamula mazira. "Bola agogo anga, bondo likawawa ankadziwa kuti ibwera."

"Mayi ameneyu ndimamudziwa mawu ake," anatero mayi wa kumbuyo. "Akati dzuwa, ine ndimatenga ambulera. Sanandikhumudwitsepo."

Anasekanso. Nanyengo anayang'ana panja, makutu akutentha. Ankafuna kutembenuka n'kuwauza za Chakhungu ndi Chamaso, za damu, za nthawi ya wailesi yosasuntha, koma akanangotsegula pakamwa akanamuzindikira. Ngakhale pouza kondakitala poti atsikire, anachita kuloza ndi chala.

Kuchokera pamsewu kukafika kunyumba anathamanga. Mvula yake inali yosamveka pogwa, yongolendewera mumpweya, koma mmene ankakhota pa mpanda tsitsi lake linali likudontha. Nyumba ya amayi anaiona ili yosavala. Makoma anali chiimire, pamwamba pake matabwa atsopano oyera atangokhomedwa theka, ndipo amisiri anali atatsika chifukwa lata lonyowa silikwereka, limaterera. Anali ataunjikana pansi pa mtengo, manja m'khwapa. Achimwene anali pamwamba pa makwerero okha, akulimbana ndi chipepala cha pulasitiki chimene sichikanaphimba ngakhale chipinda chimodzi. Anangomuyang'ana, madzi akutsika pa chibwano, kenako n'kubwerera ku pulasitiki yawo. Bola akanamukalipira.

Alamu anam'chingamira pakhomo atanyamula matiresi onyowa mbali imodzi.

"Alamu, mwabwera bwino. Kalankhuleni nawo nokha, ife talephera."

"Akadali mkati?"

"Akukana kutuluka. Aneba abwera kawiri kudzawatenga, ayatsa ndi mbaula kuti awothe. Achimwene anu anafuna kuwanyamula, amayi n'kuwamenya ndi ndodo pamkono." Alamu anatsitsa mawu. "Vuto ndi anebawo. Paja amakonda kuwaseka amayi kuti mwana wanu uja wanamanso. Lero atangoyamba kuwaza anatulukira pampanda n'kufunsa kuti kodi dzuwa la mwana wanu ndi limeneli. Basi, amayi anauma pomwepo."

Pabalaza panali ngati panja. Kumwamba kotuwa kunali pamene pankakhala denga, pansi pali timadzi ndi zidutswa za dzimbiri, kabati ataiphimba ndi nsalu ya pa tebulo. Pakati pa zonsezi panali amayi, pa mpando wawo wa manja, ang'onoang'ono kuposa mmene anawasiyira sabata yatha. Bulangeti limene anafunda linali litachita mikanda ya madzi, ndipo m'mapewa linali litada chifukwa chonyowa. Wina anali atawapatsa ambulera, koma inali chogona pansi, yosatsegula.

"Wabwera, Nanyengo," anatero akumwetulira. Milomo yawo inali yotuwa. "Auze anthuwa. Akuchita mantha ndi kachifunga. Ine ndawauza kuti mwana wanga wanena kuti dzuwa, ndiye izi zidutsa pompano."

Nanyengo anagwada pa simenti yonyowayo n'kugwira manja awo. Anali ozizira, ndipo ankanjenjemera pang'onopang'ono, mosalekeza. Mkwiyo wonse umene anabwera nawo, wa a Kalekale, wa a wailesi, wa achimwene, wa minibasi yonse, unasowa kopita. Anamva chisoni chimene sanamvepo pa ntchito imeneyi.

"Amayi, sizidutsa. Igwa mpaka madzulo, mwina mpaka mawa. Zimene ndinanena m'mawa zija sizinali zoona. Ndinaona chithunzi china nditalankhula kale."

Amayi anamuyang'ana, kenako maso awo anapita pawindo la kumbali ya aneba, limene linali lotsegula.

"Tsitsa mawu," ananong'ona. "Akumva."

"Amve, amayi. Dziko lonse lamva kale. Tiyeni mukawothe moto."

"Kwa amene uja? Kuti akandifunse za dzuwa?"

"Akufunseni. Ine andiseke chaka chonse, ndazolowera. Koma inu mukabwereranso kuchipatala kuja ndidzalowera kuti?"

Dontho linatsika pa mphumi pa amayi n'kuima pa nsidze, ndipo sanalipukute. Kunja pulasitiki ya achimwene inkakupiza ndi mphepo.

"Ndipita," anatero pomaliza. "Koma iwe usakanene kanthu kumeneko. Wolankhula ndine."

Sanathe kuima okha. Nanyengo anawachotsa bulangeti lonyowalo, n'kuwaveka juzi lake, limene nalonso silinali louma kwenikweni, ndipo anatembenuka n'kuwabereka kumsana. Anali opepuka moopsa. Achimwene anatsika pa makwerero n'kutola ambulera ija, n'kuwatsatira ataigwira pamwamba pawo. Anadutsa amisiri pansi pa mtengo, anadutsa mulu wa malata akale, n'kulowa pa kachipata ka mpanda.

Aneba anali ataima kale pakhomo pawo, mayi wonenepa wovala chipewa cha ubweya, ndipo kumbuyo kwawo kunkaoneka makala ofiira. Nkhope yawo inalibe chipongwe tsopano. Anatambasula manja kuti athandize kuwatsitsa. Koma amayi anadzutsa mutu pa phewa la mwana wawo, n'kukweza mawu kuti ndi amisiri omwe amve.

"Musaganize kuti ndathawa mvula, anzanga. Ndathawa phokoso la hamala, likundipweteketsa mutu. Mvula lero kulibe, mwamva nokha pa wailesi."

"Eya, mayi, lowani," anatero aneba mofatsa. "Phokoso lake lachulukadi."

Hamala inali italeka kulira kalekale. Amayi anafuna kuwonjezera mawu ena, koma m'malo mwake munatuluka chifuwa. Chinayambira pansi penipeni, chonyowa, chokoka, ndipo Nanyengo anachimva chikugunda pamsana pake chisanamveke m'makutu. Anaima pakhomopo atawabereka, akudikira kuti chileke, koma sichinaleke.